Mdala Ngubo ndi Poto wa Nyemba

Ku Cowdray Park kuno ku Bulawayo mukafunsa za a Fyson Malunga, anthu adzangoyang'anana. Koma mukati Mdala Ngubo, ngakhale kondakitala wa kombi adzakutsitsani pakhomo pawo penipeni. Ngubo m'Chindebele ndi bulangeti, ndipo dzinali silinawagwere mwangozi. Munthu uja sankapirira kuona chinthu chotentha chili pamtunda. Tiyi, poto, ketulo, buledi wongotuluka kumene mu uvuni, chilichonse chofuka nthunzi iwo ankachifunditsa.

"Kutenthaku tagula," ankatero, "ndiye tizikuonerera kukuthawira kumwamba? Kumwambako dzuwa liliko kale."

Ine Ezra ndi iwowo tinakulira limodzi, ana a madoda amene anachoka ku Nyasalande kudzafuna ntchito n'kuiwala njira yobwerera. Tinagwira limodzi ku Belmont, pa fakitale yoluka mabulangeti, ine ndikupakira m'malole, iwo ali ku boila. Ndikuganiza kuti boilayo ndi imene inawaphika mutu. Fakitale itatsekedwa, eni ake anatitsanzika ndi mulu wa mabulangeti aliyense. Anga ndinawasandutsa mowa nyengo yozizira isanafike n'komwe. A Fyson anasunga awo ngati ng'ombe.

Ukapita kwawo ankakulandira ndi tiyi. Ungocheuka pang'ono kupereka moni kwa akazi awo, mayi Esnart, umapeza kapu yako yavala chipewa chawo.

"Achimwene, chipewa chathukuta chotere pa tiyi wanga?"

"Iwe Ezra umalongolola. Ukamamaliza nkhani imodzi tiyi amakhala atamwalira."

Tsiku lina abusa athu, munthu wadazi lonyezimira, anabwera kudzachezera banjalo atayenda wapansi m'mawa wa June. Atakhala pansi, dazi lija linkafuka nthunzi. Ndinaona a Fyson akuvutika pampando, maso ali padazi. Abusa atangoti titseke maso tipemphere, ndinasiya diso limodzi lotsegula, pakuti ndinkadziwa. Pofika pa ameni, abusa anali atafunda thaulo kumutu.

Si zonse zinkawayendera, ayi. Chaka china, kutatsala pang'ono Khirisimasi, anaganiza kuti ngati kutentha kumathawa ndiye kuti kuzizira nakonso kumathawa. Anakulunga firiji ya mayi Esnart mbali zonse, mpaka kumbuyo kumene imapumira. Firiji inabuula, inatuluka thukuta, kenako inangoti zii, n'kupita pamodzi ndi nkhuku za Khirisimasi.

"Bambo a Christina," anatero mayiwo mthiko uli m'manja, "mukadzakhudzanso chinthu changa, wofunditsidwa mudzakhala inuyo."

"Mayi a Christina, maganizo anali abwino. Firijiyo ndiyo inalibe chikhulupiriro."

Kuyambira pamenepo mayi Esnart anatsekera mabulangeti otsala mu sutikesi, kiyi n'kumangirira m'chiuno.

Tsono nkhani yeniyeni inachitikira pa sukulu ya pulayimale ya m'dera lathu lino, pamene pankaphunzira mdzukulu wawo Tamanda. Pasukulupo ana ankadya nyemba masana, ndipo ambiri mwa anawo chakudya chenicheni cha tsikulo chinali chomwecho. Mphunzitsi wamkulu, mayi Nokuthula Sibanda, anaitanitsa makolo. Ine mwana ndinalibe pasukulupo, koma kumene kuli msonkhano sindisowa.

A hediwo sanazungulire. Anati mayunitsi a magetsi akutha mwezi uli pakati. Masitovu ophikira nyemba ndi amene akumeza kwambiri, pakuti nyemba zimabwata kuyambira m'mawa mpaka masana, ndipo magetsi akazima pakati zimatsala zosapsa. Makolo sangawonjezere chopereka, zimenezo aliyense ankadziwa. Choncho teremu yamawa kuphika kutha.

Kenako ndinamva mpando wa a Fyson ukulira pambali panga.

"Khalani pansi, achimwene," ndinawakoka jekete. "Kumbukirani firiji."

Anaimirira basi. "A hedi, nyemba sizifuna moto tsiku lonse. Zimangofuna kuwira bwinobwino kamodzi, kenako muziphule, muzifunditse, muzisiye zigone. Zipsa zokha."

Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Muziimbirenso nyimbo, khulu!" Khulu m'Chindebele ndi agogo. Amene sanaseke ndi a hedi okha. Anati nawonso anaonapo azakhali awo akuchita zotere ndi poto wamng'ono, ndipo kuyesa sikulipiritsa. Lolemba khulu abwere ndi mabulangeti awo.

Mmene anamutsegulitsira sutikesi uja mayi Esnart, sindikudziwa. Ena amati anagwada.

Lolemba ndinapita kukaonerera manyazi a mnzanga. Wophika wamkulu, mayi Dorah, anali ataima pakhomo la khitchini manja ali m'chiuno.

"Mdala, nyemba zanga zikatuluka ngati miyala, ana onsewa muwadyetsa bulangetilo?"

"Mwana wanga, iwe wiritsa. Zinazo ndi za akuluakulu."

Nyemba zinali zitanyikidwa kale m'madzi. Zitawira kwa kanthawi ndithu, anaphula poto wamkulu uja, anamukhazika pa makatoni, n'kumukulunga mabulangeti mpaka anaoneka ngati gogo wodwala chimfine. Kenako a Fyson anakwera pamwamba n'kukhala, kuopa kuti wina angavundukule. Anakhala pamenepo ngati thadzi pamazira, akukalipira aliyense woyandikira. Cham'ma teni magetsi anazima, ndipo poto winayo, amene Dorah anamusiya pasitovu kuti atsutsire mdala, analeka kubwata.

Belu la masana litalira, anavundukula. Nthunzi inatimenya kumaso. Dorah anatapa ndi chipande, anafinya nyemba imodzi ndi zala, inangoti phwete. Analawa, anatafuna nthawi yaitali ngati kuti muli fupa.

"Mchere wachepa," anatero.

"Mcherewo anathira ndani?" anafunsa a Fyson.

Dorah anangowapakulira mbale yodzaza.

Vuto linali lakuti mapoto ndi ambiri, mabulangeti a a Fyson ndi ochepa. Ndiye Loweruka anaganiza zoyenda khomo ndi khomo kupempha mabulangeti akale. Pofuna kuoneka munthu waulemu, anavala jekete lawo labwino lokhalo, lakuda lija la sosaite yathu ya maliro, lokhala ndi baji pachifuwa. Tsono inu mukudziwa mmene timachitira kuno. Munthu akamwalira, bokosi lake timalifunditsa bulangeti. Mdala wa sosaite akagogoda pakhomo pako m'mamawa, atavala jekete lakuda, nkhope ili yaulemu, n'kunena kuti akufuna bulangeti, iwe ungaganize chiyani?

Nyumba yoyamba mayi anangogwira pakamwa. Nyumba yachitatu analira. Palibe anafunsa kuti wapita ndani, pakuti ankaona okha kuti mdala akuyenda yekha, popanda mayi Esnart. A Fyson anangodabwa kuti anthu a ku Cowdray Park ndi opatsa chonchi, mpaka kupereka akugwetsa misozi.

Ine uthenga unandipeza ndikumeta. Ndinathamanga thovu lili kutsaya limodzi. Ndinapeza pakhomo pawo padzaza amayi a maduku, amuna akutulutsa mipando panja, tcheyamani wa sosaite a Moses akufunsa kumene angakolezere moto. Nyimbo inali itayamba kale. Posakhalitsa kombi inaima pamsewu, ndipo anatsika ndani? Malemu Esnart, atanyamula kabichi ndi mafuta ophikira.

Amayi ena anathawira kuseri kwa nyumba. A Moses anagwetsa chipewa.

"Wamwalira ndani pakhomo panga?" anafunsa mayi Esnart.

Aliyense anayang'ana mnzake. Ndinaona kuti ntchito yatsalira ine. "Alamu, musakwiye. Mwamwalira ndinu."

Nthawi yomweyo a Fyson anatulukira pakona akukankha wilibala yodzaza mabulangeti, akuimba mluzu. Zimene anamva tsiku limenelo sindingazilembe, mapepala angapse. Koma munthu uja analibe manyazi. Ataona kuti khamu lasonkhana kale, anakwera pa wilibala.

"Abale, pepani. Maliro kulibe. Koma poti mwabwera, tamverani. Tikamwalira mumatipatsa bulangeti, chonsecho sitimvanso kuzizira. Ana athu amoyowa akufuna nyemba. Amene akufuna bulangeti lake abwere atenge pamaso pa anthu onsewa."

Palibe anasuntha. A Moses anawalipitsa chindapusa chifukwa chovala jekete la sosaite popanda maliro, ndipo chindapusacho anagamula kuti chikhale kuphikira anthu onse tiyi. Mayi Esnart anakhala wakufa wokhayo amene ndinamuonapo akugawa makapu pamaliro ake.

Zotsatira zake zinali nzeru za a hedi, ndipo ndizifotokoza mmene ndinazimvera, poti ine sukulu ndinalekeza pamene anayamba kuika zilembo m'masamu. Mayiwo anakana kuti ndalama yopulumuka pa magetsi ilowe m'thumba la zinthu zina zonse, mmene imasungunuka osadziwa. Anagwirizana ndi komiti ya makolo kuti ikhale payokha, ndipo anaitcha poto wachiwiri. Lolemba lililonse ankawerenga mita ya magetsi pamaso pa komiti. Poto wachiwiri atalemerako, anagula mababu osadya magetsi, kalasi imodzi imodzi. Mababuwo anapulumutsanso ina, inalowa momwemo. Atatero m'pamene anapita ku khonsolo ndi kwa ana akale a pasukulupo amene ali ku Joni. Ankati munthu ukamupempha ndi madandaulo okha amakupatsa pepani, koma ukamuonetsa chinthu choyenda kale amafuna dzina lake likhalepo. Zisanathe zaka ziwiri, padenga panakwera masola oyendetsa pampu ya madzi ndi makompyuta a ana. Masukulu ena anayamba kutumiza makomiti awo kudzaona.

Tsiku loika masola, a Fyson anagwira limodzi lisanakwezedwe, anamva kuti latentha ndi dzuwa. Ndinaona dzanja lawo likupita kuphewa kumene kunali bulangeti. A hedi anafika msanga.

"Khulu, chonde. Ichi chokha chimagwira ntchito chili mbulanda."

Anachiyang'ana mwachisoni. "Dziko latha," anatero. Mpaka imfa yawo, akamadutsa pasukulupo ankayang'ana kumbali, ati sangaonerere chinthu chikuzunzika.

Anatisiya mu July wapitayu, kuzizira kwa Bulawayo kuli pachimake. Ulendo uno maliro anali enieni, ngakhale kuti anthu ena anayamba atumiza mwana kukasuzumira kaye. A sosaite anagula bulangeti latsopano, lolemera, la chithunzi cha kambuku, likadali m'pulasitiki. Mayi Esnart analisisita, n'kupukusa mutu.

"A Moses, mukakwirira ili pansi, munthuyu adzuka. Ndikumudziwa. Ili lipite ku sukulu."

"Nanga tiwafunditsa chiyani, mayi?"

Anakatsegula sutikesi uja. Munali mbee. Mdala anali atasamutsa onse kachetechete, limodzi limodzi, kiyi ali m'chiuno mwa mkazi wake. Mayi Esnart anaseka misozi ikutsika.

Tili pafupi kunyamuka, tinaona Dorah akubwera mothamanga atakumbatira mtolo. Linali bulangeti lotuwa la ku fakitale kwathu, loyamba lija, lopsa pakona, lonunkhira nyemba ndi anyezi. Anali atangolichotsa pa poto. Anatenga la kambuku, n'kuyala lakalelo pabokosi ndi manja ake. Ine ndinali mmodzi wa onyamula, ndipo dzanja langa litakhudza bulangetilo ndinamva kuti likadali lofunda.

Masiku ano ana akudyabe nyemba zawo masana, ndipo poto wamkulu amavala kambuku. Abusa amapemphera dazi lili pamtunda, palibe wowasamala. Ine ndimapitabe kwa alamu anga kukamwa tiyi, ndipo ndimalongolola monga kale. Dzana ndili pakati pa nkhani ndinaona mayi Esnart akuyang'anitsitsa patebulo. Nditayang'ana, kapu yanga inali itavala chipewa changa. Sindikukumbuka kuti ndinachivula liti.

"Chichotseni, alamu," anatero. "Chathukuta."

Koma pamene ndinatambasula dzanja, anandigwira pamkono. "Ayi, chisiyeni kaye. Malizani nkhaniyo."