Madzi a mu Soar ndi Kasefa Kanga

Bwu-bwu-bwu. Ndi mmene kabotolo kamalirira kakamamwa madzi a mumtsinje wa Soar, ndipo mpaka lero ndikamva phokoso limeneli, ngakhale kukhitchini, manyazi amandigwira.

Ndinkakhala ku Braunstone, kuno kwa azungu, mapepala okhalira m'dziko muno atangotuluka, ntchito ndilibe. Ndinalowa m'gulu la anthu ongodzipereka loyeza madzi Loweruka lililonse. Wotitsogolera anali a Yusufu, mmwenye wobadwira ku Limbe, wa shopu m'tauni. Anandilonjeza kalata ya umboni yofunsira ntchito, ndipo wina wondilembera ndinalibe.

Anandipatsa malo a kumunsi kwa paipi ina yomwe ankaikayikira kuti ikulavula zonyansa. Ntchito yake: tunga, tseka, lemba tsiku, bweretsa. Ngakhale mbuzi ikanakhoza.

Koma ine ndinaleredwa ndi agogo makolo atamwalira, ndipo kwawoko kupatsira munthu wamkulu madzi amatope unali mlandu wa mbama. Nditaona madzi otuwa, tinthu tikuyandama, mtima unakana. Ndinawasiya adikhe, n'kuwasefa ndi kansalu. (Kochapa bwino ndi sopo, musandiyese wauve.) Sabata yachiwiri ndinagula kasefa ka tiyi. Yachitatu fungo linakanirira, ndiye ndinadutsa nawo kunyumba n'kuwawiritsa pang'ono. Kufunsa? Ine ndine munthu wongoyang'ana n'kudziwa chochita.

Zotsatira zitabwera, a Yusufu anaziwerenga pamaso pa gulu lonse.

"Achimwene, madzi a pamalo anu aja aposa a pampopi. Tiyambe kugulitsa m'shopu?"

"Zikomo," ndinatero. (Inde, ndinathokoza.)

"Mumatunga pati?"

"Pomwe paja, bambo. Kungoti ndimayamba ndawakonza."

"Mumayamba mwatani?"

Ndinatulutsa kasefa m'thumba. Mayi wina wachizungu anakhala pansi pa udzu wonyowa.

"Ife tikusaka umboni chaka chonse, inu mukuuphika!" anatero a Yusufu. "Shuga simunathiremo?"

Sabata imeneyo ndinaiwalako za kalata. Chomwe ndinatolapo n'chakuti kuno ulemu ndi kupereka madzi onunkha ndi manja awiri. Agogo akanamva, akanandikana.

Loweruka linalo ndinapitabe, n'kuima patali. A Yusufu anandipeza pamlatho, envulopu ili m'manja.

"Ndalembamo kuti simujomba, ndiponso ndinu waukhondo kwambiri. Bodza palibe. Zinazo akadzionere okha."

Anandipatsa envulopuyo ndi kabotolo katsopano, n'kumapita.