Kuwala Kolowera Padenga la Amayi Nachisale

Lolemba
Mwayi! Sukulu ya pulayiveti yatsopano ya ku Area 25 ikufuna mphunzitsi wa sayansi. Loweruka ndikaphunzitse eni sukulu akuonerera, akakhutira ntchito ndi yanga. Ndikawaonetsa kuti kuwala ndi funde, komanso ndi tinjere totchedwa mafotoni. Buku likuti kukadutsa pa timing'alu tiwiri, pakhoma pamaoneka mizeremizere. Zofunika: katoni, lezala, mdima. Ulova, tsalani bwino!

Lachiwiri
Zenera ndatseka ndi bulangete. Timing'alu ndadula, chala ndadulanso. Tochi ikungotulutsa chibanthu chachikasu, mizere ng'o. Eni nyumba, Amayi Nachisale, pakhomo: "Achimwene, kudzitsekera masana onsewa, mwabisamo ndani?"

Lachitatu
Pakufunika kadzuwa kowonda. Ndaboola lata ndi msomali, kamodzi kokha. Chabwino, katatu. Amayi amva kugogoda. Ndawafotokozera mwaulemu kuti m'dzuwa mapulotoni, tinthu tosaoneka ndi maso, amaphatikana, kulemera kwawo pang'ono n'kusanduka mphamvu, mphamvuyo n'kutuluka ngati kuwala. Kulemera ndi mphamvu n'chimodzi. Iwo: "Kukanakhala choncho, bambo a kwathu bwenzi akunyamula minibasi. Chonsecho ndowa imawakanika." Padenga sanayang'ane, Mulungu ngwabwino.

Lachinayi
Ndaiona! Mizere, ndithu, yowala ndi yakuda! Ndakuwa: "Mafotoni!" Kukuwako ndiye kwandigwetsa m'mavuto. Kawale yense wamva kale za chipinda cha mdima, lezala ndi magazi pakatoni. Amayi a Mvano, pochokera ku mapemphero awo, angolowa ndi nyimbo, bulangete n'kukanganula. Mmodzi wandigwira pamutu: "Tuluka, fotoni, tuluka!" Ndati amen kuti zithe msanga. Pamene amachoka, kumwamba kunali kutachita mitambo.

Lachisanu
Mvula yoyamba, ya mkokomo. Ana akuvina panja, ine ndikuthamanga ndi mapoto. Zanyowa: matiresi, buku, katoni, buluku la mawa. Amayi alowa, ayang'ana kumwamba, dontho lawagwera pamphuno penipeni. Atembenuka n'kutuluka. Ndikuopa zedi.

Loweruka
Buluku lachinyezi, katoni yofewa ngati mkate wa m'tiyi. Dzuwa kulibe. Mdima kulibenso, poti kalasi ilibe chitseko, mawindo nawo ndi mabowo chabe. Ndangofotokoza ndi manja. Ana amvetsera bwino, ena mpaka kuyasama. Kenako eni sukulu, kumbuyo: "Aphunzitsi, pa mayeso mwana alembe chiti, funde kapena njere?" Ndati zonse ziwiri, bwana, zimatengera mmene mwakuyezera. "Ndiye kuti simukudziwa. Makolo amafuna yankho limodzi." Atenga mkulu wina amene anati kuwala ndi kuwala basi.

Lamulungu
Anthu ali ku tchalitchi, ine ndili padenga ndi phula. Amayi akuti ndikamaliza kumata ndiyambe kufunsa nyumba ku Mtandire, mwezi ukatha asandionenso. Mtima ukuwawa, kunama ayi. Ndipo lero, lero lomwe, kumwamba kuli mbee, kopanda ndi kamtambo komwe, malata akuotcha mapazi. Mapulotoni onse ali pantchito. Ine ndekha ndiye ayi.