Asilikali a M'mafupa Mwanga

Lolemba

Zotsatira za magazi zatuluka. Kolesitero wakwera! Adokotala, mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga Tamara, akundijambulira mivi papepala. Akuti mafuta m'magazi sayenda okha, ali ndi owanyamula. Ena amawamwaza m'thupi, ena amawatola n'kukawatula kuchiwindi. Omwaza akachuluka, m'kati mwa mafupa, momwe magazi amapangidwira, mumatuluka asilikali a m'thupi oposa ofunika. Asilikaliwo amakaunjikana m'mitsempha, njira ya magazi n'kuchepa.

Ndikugwedeza mutu ngati ndamva zonse.

Kunyumba ndalumbira pamaso pa amake Tamara:
- nyama yonona, ayi
- zokazinga, ayi
- kuyenda wapansi tsiku lililonse

Kenako pakamwa pangapa! Poti ndine Elder, mkulu wa mpingo, ndaimbira abusa kuti pa Sabata ndidzaphunzitsa mpingo za umoyo. Palibe amene wandipempha.

Lachiwiri

Kuntchito ku Heavy Industrial, nkhomaliro yanga: repu wowiritsa ndi nyemba. Anzanga akudya nkhuku ndi tchipisi. Ndawalalikira za mafupa mpaka belu kulira. Woyendetsa lole wathu akuti, "Ba mudala, mwaphunzila liti udokotala?"

Njala.

Lachitatu

Tsiku loyenda wapansi kuchokera kuntchito mpaka m'tauni. Ndisanafike ndi pakati pomwe, mawondo akulira, malaya anyowa. Ndaimitsa minibasi. Kondakitala wandiyang'ana, n'kuuza mayi woyembekezera kuti asendere, ine ndikhale kuwindo. Mayiyo wasenderadi. Manyazi!

Lachinayi

Abwana andituma kusiteshoni ya mabasi ya Intercity kukatumiza katundu wa ku Kitwe. Pageti akuotcha mbuzi. Ndati ndingonunkhiza. Ndati ndingofunsa mtengo. Ndati kachidutswa kamodzi sikangadzutse asilikali.

Mbale ziwiri.

Ndili mkati moyamwa fupa, maso nditatseka, ndikumva moni, "Shani, ba Elder!" Ba Mwansa a kumpingo kwathu, amene amagulitsa matikiti a basi pomwepo. Ndayankha fupa lili m'kamwa. Zala zili noninoni, ndapisa m'thumba, ndapukutira pepala loyamba kulipeza.

Lachisanu

Linali pepala la adokotala.

Amake Tamara alipeza pochapa buluku. Mafuta alowerera, likuonekera mbali zonse, likununkha mbuzi. Sanakalipe. Aliyala patebulo bwinobwino, n'kufunsa, "Atate a Tamara, bambo anu anagwa ali ndi zaka zingati?"

Tonse tikudziwa. Zanditsalira zaka zitatu kuti ndifike pamenepo. Bambo anagwa akutsuka njinga, sanayankhulenso.

Bwenzi atangondikalipira.

Loweruka

Tchalitchi chadzaza, ngakhale a ku Woodlands obwera mwa apo ndi apo alipo. Ndaima kutsogolo ndi pepala langa. Mivi ya adokotala yasungunuka, sindikuona kuti omwaza ndi ati, otola ndi ati. Ndasankha mwachikhulupiriro. Ndasankha molakwika.

Kwa mphindi khumi ndalimbikitsa mpingo kuti uchulukitse onyamula oipa, ndi kuti asilikali akachuluka ndiye madalitso. Ena akuti ameni!

Mayi wina amene ndi namwino waimirira. "Ba Elder, mwina mwatembenuza pang'ono." Wafotokoza zonse bwinobwino, opanda pepala, ine nditaima pambali pake ngati mwana wasukulu wogwidwa akubera mayeso.

Nthawi ya mafunso, dzanja limodzi lokha. Ba Mwansa. "Nanga kuyamwa fupa la mbuzi pa Intercity, kumathandiza mafupa athu?"

Mpingo wonse waseka, abusa abisa nkhope m'buku la nyimbo. Amake Tamara okha sanaseke. Akuyang'ana manja awo.

Lamlungu

Sindikutuluka m'nyumba. Foni ndazimitsa.

Dzuwa litapendeka, amake Tamara andiponyera nsapato pamiyendo. "Valani. Zophunzitsa anthu zatha, tiyeni." Ndavala.

Tikuzungulira dera lathu la Chelstone, iwo patsogolo, ine m'mbuyo ndikupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo. Sakundidikira, koma pakona iliyonse akucheuka kuona ngati ndikadali chiimire. Akuti mawa tidzayendanso, ndipo kuchipatala tidzabwerera limodzi, pepala latsopano adzasunga okha. Ndavomera zonse.

Mnansi wafuula ali pageti pake, "Bwanji wapansi, motoka yafa?"

Ndati inde. Amake Tamara sananditsutse.