Tsiku Limene Ndinawapezera Mthunzi Makina a Saveya

Ndiyambe ndi kuvomera: makina aja ndinawasuntha ndine. Sinali mphepo, sanali mphaka wa m'mabini, ndinali ine Fatsani, dalaivala wa Sitandade 8, ndi manja anga omwewa.

Inali nthawi ya korona, Doha yense ali zii, tikuyenda titaphimba kukamwa ngati akuba. Ndinkayendetsa galimoto ya kampani ina yoyeza malo, ndipo amene ndinkawanyamula anali a Mhango, saveya wa ku Rumphi, omwenso anandipezera ntchitoyo. Munthu wa mabuku. Tikaima pa maloboti ankakonda kundisimbira za masaveya akale a ku America, amene ankakoka unyolo wachitsulo m'nkhalango ndi kuyang'ana nyenyezi kwa masabata kuti atsimikize malo amodzi okha. Akuti onyamula unyolowo ankayamba alumbira kuti sadzanama pa muyeso. Tsiku lina anandikwezetsa dzanja mwanthabwala, ine n'kulumbira ndikuseka.

Tsiku la tsokalo tinali ku Al Aziziya, kuyeza puloti yoti amangepo nyumba. A Mhango anaimika makina a miyendo itatu, okhala ndi kambale koyera pamwamba, ndendende pa msomali wokhomedwa pansi.

"Achimwene, awa ndi amene amauza ndodo yangayi pamene ndaima. Musawakhudze. Muzingowayang'ana basi."

Anatenga ndodo yawo n'kulowera kuseri kwa mpanda.

Dzuwa la kuno mumalidziwa. Cha m'ma 11 koloko ndinangoikako chala pa kambale kaja, kakutentha ngati chiwaya cha chipisi. Akapsa awa ndili ine pano, ndikauza ndani? Si ndege ya ku Lilongwe mawa lomwe imeneyo? Ndinawanyamula mosamala ngati khanda, kukawaika pamthunzi wa mpanda, masitepe ochepa chabe, ndikudziona ngati munthu woganiza.

Kenako ndinaona zala zanga zathukuta zadinda pa kambale paja. Umboni umenewo. Ndinatulutsa sanitayiza m'thumba n'kupopera, kupukuta ndi shati, ndipo kanyale kamene kanali kobiriwira kanafiira, makina n'kuyamba kulira tii, tii, tii. Ndinadina batani, anazima. Ndinadinanso ndikupemphera, anayaka. Nthawi yomweyo foni inaitana, anali a Mhango.

"Zili bwino uko? Manambala akuvina kuno."

"Zili bwino, bwana. Mafi mushkila."

Ndiko kuti "palibe vuto" m'Chiarabu. Ndinanama m'zilankhulo ziwiri. Ndinathamanga nawo makina kuti ndikawabwezere pamsomali paja, koma nditafika ndinapeza misomali itatu, uliwonse ndi utoto wake mozungulira. Makampani ena nawonso anakhomapo yawo. Poyamba paja ndinayang'anako ngati? Ndinasankha wowala kwambiri, poganiza kuti bwana wanga ndi munthu waukhondo.

Patatha sabata mapu anatuluka, amisiri n'kuyamba kukoka zingwe. Mpanda watsopano unapezeka kuti ukudutsa pakati pa majilisi a neba, chipinda chimene amalandiriramo alendo ake, kugawa kapeti pawiri. Mkulu wa kampani anatiitanitsa tonse panja, titaima motalikirana monga mwa lamulo la korona, iye akukuwa mkati mwa masiki.

"Ndani wachita izi? Khalas, zatha, ameneyo ku eyapoti!"

Ndinkaganiza za ana anga awiri ali ku sekondale ku Ntcheu, ndi nyumba yosafolera. A Mhango anakweza dzanja.

"Ntchito inali yanga."

Anawapatsa kalata ya chenjezo, ndipo anayezanso puloti yonse m'kutentha kwa Juni, ine ndikuwaperekera madzi, osawayang'ana kumaso. Galimoto ikakhala chete ndinkakweza wailesi. Akangoti "achimwene" ndinkadzidzimuka mpaka kuponda buleki.

Lamulo litasintha n'kuyamba kulola munthu kusamukira ku ntchito ina popanda chilolezo cha bwana, ndinapeza malo pa hotela ina ku West Bay. Anafuna kalata yondichitira umboni. Mukuganiza ndinapita kwa ndani? A Mhango analemba kuti ndine munthu wokhulupirika, wosamala zida za kampani. Kalata imeneyo ndinaiwerenga kamodzi kokha, chakudya osalowa masiku awiri.

Lachisanu lina tinakumana ku Corniche, m'mbali mwa nyanja, atatsegulako malamulo a korona atafewa, ndipo ndinati lero ndinena, zivute zitani. Ndinangoyamba kuti, "Bwana, za makina aja..."

"Aja anakapuma pamthunzi aja?"

Ndinawatembenukira, iwo n'kupitiriza.

"Achimwene, makina amenewa amalemba chilichonse. Mapu atavuta ndinatsegula kompyuta, ndinaona kuti ananyamuka, anazima, anayaka, n'kukakhala pa msomali wa eni ake. Ali ndi miyendo itatu koma sayenda okha. Ndikanakutchulani mukanakwera ndege, pamene ine anangondilembera kalata."

"Nanga osandifunsa bwanji?"

"Munalumbira pa maloboti paja. Ndimadikira kuti ndione unyolo wanu ndi wautali bwanji. Chaka ndi miyezi iwiri."

Anaseka mpaka magalasi kuchita nthunzi. Ine mpaka lero, chinthu cha eni ake chikamapsa padzuwa ndimangochifunira zabwino ndili patali. Koma tsiku lija sindinaseke. Ndinavula masiki kuti mawu amveke bwino, anthu akudutsa, n'kunena kuti:

"A Mhango, makina aja ndinawasuntha ndine, ndinakunamizani pafoni, ndipo ndinakusiyani musenze mlandu wanga. Pepani. Ndikhululukireni, bambo."