Ndinawerenga ndi a Matewera Omwe

Pali chinthu chomwe ndakhala ndikubisa, ngakhale amayi anga ku Ntcheu sakuchidziwa. Timu ya netiboli ya sukulu yathu ku Al Waab, kuno ku dziko la Aluya, sinagwere mu divishoni ya masukulu akuluakulu chifukwa cha kompyuta, monga ndinawauzira ahedi. Anaiponyamo ndine.

Ndinkagwira ntchito ku nazale ya sukuluyo, kasetifiketi kanga ka uphunzitsi kali m'sutikesi, mwana wanga Tadala ali kwa agogo ake kumudzi. Ahedi, omwe tonse tinkangoti Madamu, atamva kuti ndine Mmalawi anandipatsa wezulo ndi atsikana a sekondale asanu ndi anayi. Kenaka fomu.

Matimu amawagawa potengera kuchuluka kwa ana pasukulu: ochepa kwa ochepa anzawo, ambiri kwa ambiri. Fomuyo inkafuna a sekondale okha, ndipo ndinaimva bwinobwino (musati Chingerezi chinandivuta). Koma kwathu akakufunsa kuti pakhomo pali ana angati, sumusiya wakumsana. Tiana tomwe ndinkatipukuta mamina tsiku lililonse, mtima uli kwa Tadala, nditisiye? Ndinaphatikiza pulayimale, nazale, ndi a matewera omwe.

Masewera oyamba, basi ya timu yomwe tinkasewera nayo inatsitsa atsikana aataliatali ngati mabulugamu, osinthira odzaza benchi. Ife osinthira awiri, wina ali ndi chimfine. Zigoli ndinasiyira panjira kuwerenga.

"Achemwali, mwawalakwira chiyani anthuwa?" anandifunsa a Chisale, alonda a pageti, akwathu a ku Balaka. "Woponya uja ndi mwana wasukulu kapena make?"

Titaluza kachitatu Madamu anandiitana ku ofesi. "Mukapanda kupambana ngakhale kamodzi, khalasi, ndiye kuti basi, netiboli yathera pomwepo pasukulu pano." Apo ndi pomwe ndinanamizira kompyuta (nayo sinadziyankhire).

Ndiye atsikana anga ndinawaphunzitsa za pabwalo lafumbi la kwathu: mpira wapansipansi, wachangu, osaukweza m'mwamba muli eni ake. Wamtali amachedwa kuwerama. Tinaluzabe, koma aatali aja anayamba kutuluka thukuta nawonso.

Masewera otsiriza anali pakwathu. Ndinaganiza kuti poti a nazale ndinawawerenga, nawonso agwire ntchito. Ndinawandandalika m'mbali mwa bwalo, aliyense botolo la timiyala m'manja, a Chisale akuwatsogolera: "Pansi! Pansi! Yala, pansi!" ("Yala" ndiye "tiyeni" wa kuno.) Phokoso lake, woimbira anachita kutiyang'ana kawiri. Kaputeni wathu Mariam, wamfupi kuposa ine, ankadutsa m'khwapa mwa anthu. Tinapambana ndi chigoli chimodzi. Chimodzi chokha, koma ndinalumpha mpaka nsapato inakagwera kwa alendo.

Madamu, misozi ili m'maso, anati alemba kalata yoti chaka chamawa atitsitsire kwa anzathu ang'onoang'ono.

"Ayi Madamu," anatero Mariam, akupumira m'mwamba. "Tikhala konkuno. Otsalawo sitinawagonjetse."

Chaka chotsatira fomu inabweranso, ndipo Madamu anandichenjeza kuti ndisamale ndi kompyuta ija. Ndinasamaladi. Fomuyo ndinaiwerenga kawiri, ndinapemphera, kenaka ndinapita ku nazale kukawerenga mitu. Kunali atabwera atsopano anayi.

Inu amayi anzanga, ndiuzeni poyera: ndinalakwa?