A Eneles Ankadwala Lamulungu Lokha

Mukafunsa za a Eneles kwa aliyense amene anakulira m'malayini, nyumba za antchito a pa esiteti ya tiyi ija ya m'tsinde mwa phiri la Mulanje, cha m'ma 1950, ayamba kaye waseka asanakuyankheni. Akamaliza ndiye akuuzani chimene aliyense ankadziwa: mayi amene aja ankadwala Lamulungu lokha. Sikuti matenda ankawaopa masiku enawo, ayi. Ankabwera ndithu, Lolemba kaya Lachinayi, monga amachitira kwa munthu aliyense. Kungoti a Eneles ankawabwezera pakhomo.

"A malungo, mwalakwitsa tsiku," ankatero atadzigwira pachipumi. "Lero ndili ndi ana khumi ndi mmodzi. Mubwere Lamulungu, mudzandipeza."

Malungo akachita makani, ankawakalipira m'Chilomwe, ati chifukwa Chinyanja amangonamizira kusamva.

Ntchito ya a Eneles inali kulera ana a amayi othyola tiyi. Anali kamunthu kochepa thupi, kamasiye, mawu okha ngati belu. Ana awo obereka okha, atatu, anawasiya m'manda kutsidya kwa Apwitikizi asanawoloke malire, ndipo za zimenezo sankakamba. Chimene ankakonda kukamba n'chakuti msana ndi umodzi. Dengu la tiyi limafuna kumbuyo, mwananso amafuna kumbuyo komweko. Choncho belu la m'mawa likalira, amayi ankadzera pa khonde la a Eneles, kutsitsa mwana, kunyamula dengu, ulendo kumunda. Madzulo ankatula dengu n'kubereka mwana. Malipiro ake anali kambale ka ufa, kamchere, nandolo, ndipo nthawi zina zikomo yekha.

Ndiye likafika Lamulungu, abale inu, mukanaona. Ankayala mphasa pakhonde, kumanga kansalu kumutu, kufunda bulangete ngakhale dzuwa liswe mtengo, n'kuyamba kudwala mwa dongosolo. Ankayamba ndi mutu wa Lolemba. Ukatha umenewo, ankaitana msana wa Lachiwiri. Chifuwa cha Lachisanu chinkadikira mpaka masana. Kubuula kwake kunkamveka mpaka layini yachitatu, moti anthu ochokera ku tchalitchi ankakhotera pomwepo, wina ndi phala, wina ndi masamba a bulugamu oti afukizire.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Ndadzuka kuti? Simukuona? Pano ndili pa Lachitatu, m'mimba."

Tsiku lina a Morris, mkulu wa mpingo, anabwera atavala jekete yawo ya pa Sabata, Baibulo m'khwapa, kudzawadzudzula.

"Mayi, mpando wanu ku tchalitchi wamera nkhungu. Bwanji osadwalako Loweruka, kuti Lamulungu muzibwera kudzapemphera?"

"Loweruka amayi amathyola tiyi, abambo. Ana muwatenga inu?"

"Koma tsiku la Sabata ndi lopatulika."

"Ndikudziwa. Si paja munatiwerengera nokha kuti Mulungu anagwira ntchito masiku asanu ndi limodzi, lachisanu ndi chiwiri n'kupuma? Nanga mukudziwa mmene ankamvera m'thupi tsiku limenelo?"

A Morris anangotsinzina. Anapemphera pemphero lalifupi kwambiri pa moyo wawo wonse, ndipo sabata yotsatira anatumiza akazi awo ndi nkhuku.

Mwa amayi onse osiya ana pakhonde paja, amene moyo wake unapachikika kwenikweni pa thanzi la a Eneles anali Rosie. Mwamuna wake anapita ku Joni, analemba makalata awiri, kenako zii. Anamusiya ndi kamwana kamodzi, Isake, kodwaladwala. Chaka chimenecho Rosie anali atajomba kale kangapo chifukwa cha mwanayo, mpaka kapitawo, a Pilato, anamuimika pakati pa munda, ndodo yawo ikuloza pamphuno pake.

"Amake Isake, nyumba za m'malayini n'za anthu ogwira ntchito. Mvula ino tiyi akuphuka ngati wamisala. Mukajombanso tsiku limodzi lokha, katundu panja."

Rosie analibe kwina kopita. Kwawo kutsidya kunalibenso m'bale, ndipo munda analibe. Choncho m'mawa uliwonse, asanatsitse mwana, ankayamba wayang'ana nkhope ya a Eneles monga mlimi ayang'anira mitambo. A Pilato nawonso, tisaiwale, mwana wawo Stella ankatsala pa khonde lomwelo, poti akazi awo ankathyolanso tiyi. Koma iwo sankaganizako za khonde. Kwa iwo ana ankangoleredwa okha, ngati bowa.

Lachiwiri lina Rosie anapeza tsaya la a Eneles litatupa ngati abisamo mango.

"Mayi, dzino limenelo!"

"Dzino liti? Tsitsa mwana, belu lalira."

"Koma tsaya lanu..."

"Tagwirizana kale. Lati lidikira."

Tsiku lonse anaimbira ana nyimbo ndi mbali imodzi ya pakamwa, malovu akudontha, ndipo ana aja, pofuna kutsanzira, anabwerera kwa amayi awo onse akuimba chokhotetsa milomo. Litakwana Lamulungu, a Eneles anamanga dzinolo ndi ulusi, anaukoka okha, n'kuliponya padenga akuliuza kuti lapirira, ndi dzino laulemu.

Koma nkhani imene anthu amakonda kwambiri ndi ya malungo a Lachinayi, amene anakana Chinyanja, anakananso Chilomwe. Tsiku limenelo miyendo inawakanika ndithu. Munthu wina akanatuma uthenga kumunda. A Eneles anatenga luzi, anadula zingwe, n'kumanga mwana aliyense wokwawa chingwe ku mwendo, nsonga inayo pa mkono wawo. Wina akalowera kumoto kapena kumsewu, chingwe chinkakoka, iwo n'kumukokera kumbuyo osatsegula ndi maso omwe. Okulirapowo anawauza kuti lero kuli masewera atsopano, a chipatala.

"Ine ndine wodwala. Inu ndinu madokotala. Dokotala salira, dokotala samenya mnzake, ndipo dokotala sachoka pambali pa wodwala."

Rosie pobwera madzulo anangoti kukamwa yasa. A Eneles anali gone pamphasa, atamatidwa matope thupi lonse, masamba a chinangwa pamimba, zitsononkho m'khwapa, Stella akuwabaya jakisoni ndi kamtengo, Isake akuwamwetsa madzi a m'chikho cha nkhuku.

"Mayi! Mwadwala?"

"Ndani? Tikusewera. Funsa madokotalawa."

Rosie anaseka mpaka misozi. Amayi onse anaseka, nkhani inafika mpaka ku msika wa Nkando. Ndipo apa tinene chilungamo, ngakhale chikuwawa: ankaseka chifukwa zinali zoseketsa, komanso chifukwa kuseka kunali kowapepukira. Munthu akamati sakudwala, iwe uli ndi dengu lokudikira, sulimbana naye.

Rosie ndiye anayamba kuona miyendo. Inali itatupa, yonyezimira, ndipo a Eneles ankaibisa ndi nsalu yaitali. Zingwe zija, zimene zinali za tsiku limodzi, tsopano zinkamangidwa tsiku lililonse. Pokwera kakhonde kawo komwe ankaima kaye kupuma. Chodabwitsa kwambiri chinali Lamulungu: kubuula kuja kunachepa. Ankangogona chete, phala osalimaliza. Rosie anaziona zonsezi, mtima unamupweteka, koma akakumbukira ndodo ya a Pilato ankameza mawu. Ankadziuza kuti alankhula mvula ikatha. Anatero masabata atatu.

Lachitatu lina m'mawa, nkhungu itaphimba phiri, Rosie anawapeza a Eneles atakhala pansi potsamira chitseko, zingwe zili kale pa mkono, mpweya ukutuluka movutikira.

"Make Isake, lero um'mange wekha mwanayo. Manja achita ulesi."

Amayi ena anali atafika, aliyense mwana m'manja, palibe woyang'ana mnzake. Belu linalira. Rosie anayang'ana dengu lake, anayang'ana kanyumba kake kumapeto kwa layini, anayang'ananso miyendo ija. Mantha anali nawo ndithu. Anakankhira dengu pambali, anamasula nsalu imene anaberekera Isake, n'kugwada chofulatira kutsogolo kwa a Eneles.

"Kwerani, mayi. Tikupita ku chipatala cha Mishoni."

"Wapenga? Lero Lachitatu!"

"Kwerani."

"Nyumba yako, mwana iwe! Pilato akutaya panja!"

"Munanena nokha kuti msana ndi umodzi. Lero ndi wanu."

Edna, mayi wamkulu wa pakamwa posakhoma, anawanyamula a Eneles m'khwapa n'kuwaika pamsana pa Rosie. Anali opepuka ngati mtolo wa udzu, ndipo kupepukako kunamuliza Rosie kuposa china chilichonse. Ulendo unali wautali, woti n'kulandirana, choncho amayi ena nawonso anatula madengu awo mmodzimmodzi.

Nthawi yomweyo anatulukira a Pilato, ndodo m'mwamba, atapeza munda uli mbee.

"Kodi lero ndi Khirisimasi? Kumunda kulibe munthu!"

"Mwabwera bwino, a kapitawo," anatero Edna. Anavula zingwe zonse pa mkono wa a Eneles n'kuziveka pa mkono wa a Pilato. "Gwirani apa. Chikakoka, kokani."

"Ine? Ine ndine kapitawo!"

"Eya, mumatha kuyang'anira anthu. Awa ndi khumi ndi mmodzi okha, wina ndi wanu yemwe."

Akazi awo a Pilato anali kale kutsogolo kwa gululo, osatembenuka n'komwe. A Eneles, ali kumsana, anapotoloza khosi n'kuyamba kufuula malangizo ndi mpweya umene unatsala.

"Isake sadya phala lotentha! Stella akalira mum'patse chikho chobooka chija! Wamng'onoyo amadya dothi, mumuone! Ndipo ine sindikudwala, andiba awa!"

Ku chipatala namwino anawafunsa mwaulemu kuti anayamba liti kudwala.

"Sindinayambe, mwanangu. Ndiyamba Lamulungu."

Adokotala atawapima anawagoneka pabedi, ndipo anaitanira Rosie pambali. Anati mtima watopa, watopa kalekale.

Amayi pobwerera madzulo anapeza a Pilato atakhala m'dothi, phala m'tsitsi, kabudula wonyowa ndi mikodzo ya eni ake, zingwe zitawakulunga miyendo ngati mbuzi yopita ku msika. Ndodo yawo yotchuka ija ana awiri anali ataikwera, ati ndi njinga. Anayang'ana Rosie ndi maso ofiira. Rosie anadikira mawu a katundu panja.

"Amake Isake," anatero chonong'ona, "ntchito imeneyi ankagwira munthu mmodzi? Tsiku ndi tsiku?"

Zimene anakanena kwa mzungu wa esiteti palibe akudziwa bwinobwino. Ena amati ananena kuti m'malayini munagwa chimfine cha tsiku limodzi chogwira akazi okhaokha. Chodziwika n'chakuti katundu wa Rosie sanatuluke panja, ndipo kuyambira tsiku limenelo, mayi mmodzi akatsala pakhonde kulera ana a anzake, a Pilato ankayang'ana kuphiri.

Lamulungu m'mamawa Rosie anapita ku chipatala ndi phala m'kambale. Anawapeza a Eneles ali chete, ang'onoang'ono pakati pa bedi loyera. Anagwada pambali pawo, mawu amene anawameza masabata atatu n'kutuluka okha.

"Mayi, ndinaiona miyendo yanu kalekale. Ndinakhala chete chifukwa cha nyumba. Mundikhululukire."

"Ndinakuona ukuiona," anatero a Eneles. "Ukanalankhula ndikanakutukwana m'Chilomwe. Mawa ana atsala ndi ndani?"

"Ndi Edna. Lachiwiri ndi ine. Tagawana masiku."

"Edna amathira mchere wambiri. Umuuze." Anapuma kanthawi. "Lero n'lachingati?"

"Lamulungu, mayi."

"Eya. Ndiye lero ndikudwala ndithu, make Isake."

Sanabuule ngakhale kamodzi. Belu la tchalitchi likulira kuitana anthu ku mapemphero, a Eneles anatsikira kuli chete, pa tsiku lawo, osajombetsa munthu aliyense ntchito.

Pa maliro a Morris analalikira za kupuma kwa tsiku lachisanu ndi chiwiri, ndipo anthu ankaseka uku akupukuta misozi. A Pilato ananyamula nawo bokosi. Zingwe za luzi zija zinakhala pa nsanamira ya khonde mpaka zinafumbwa, poti panalibe wolimba mtima woti azichotse.

M'malayini ana anapitiriza kukula, tiyi anapitiriza kuphuka. Mayi wolera ana akadwala Lachiwiri ankanena Lachiwiri lomwelo, mnzake n'kulowa m'malo, ndipo Rosie ndiye ankayendera miyendo ya aliyense ndi maso, osachita manyazi kufunsa. Masiku a ntchito anthu anazolowera. Lovuta linali Lamulungu. Malayini ankangoti zii, popanda mutu wa Lolemba, popanda msana wa Lachiwiri, ndipo anthu ochokera ku tchalitchi ankachepetsabe liwiro pofika pakhonde paja.

Lamulungu loyamba chiikireni maliro, Rosie anaphika phala monga mwa masiku onse, analiziziritsa, anabereka Isake n'kuuyamba wa ku khonde. Anazindikira atafika kale. Anaima pamenepo ndi kambale m'manja, mwana akusuzumira paphewa pake kufuna mphasa ija.

"Agogo ali kuti?" anafunsa Isake.

Rosie anakhala pansi pomwe a Eneles ankayala mphasa, anamutsitsa mwanayo n'kuyamba kum'dyetsa phalalo.

"Akupuma," anatero. "Usawadzutse."