Buluku lobwereka pa chipilala cha asilikali ku Zomba

Mpaka lero basi ikamadutsa pa chipilala chofiira cha asilikali ku Zomba, ine ndimayang'ana mbali inayo, ndipo mkazi wanga amayamba kutsokomola mwadala. Lekani ndikuuzeni ndekha, musadzamve kwa iye, chifukwa amathira mchere wambiri.

Zinali zaka zija nkhondo ya ku Mozambique itafika povuta, anthu akuwoloka malire mitolo ili pamutu. Kwathu ku Katuli pafupifupi khomo lililonse linali ndi alendo. Ine ndinali mnyamata wa geni ya usipa, wokapikula kunyanja n'kukwera nawo mapiri pa njinga. Kuseri kwa nyumba ya amalume kunadzakhala banja lochokera kufupi ndi Mandimba: Che Saidi, mkazi wawo Abiti Jafali, ndi mwana wawo Asiyatu. Posakhalitsa njinga yanga inayamba kumaphwa mpweya pakhomo limeneli tsiku ndi tsiku (njingayo inalibe vuto lililonse).

Mawu ofunsira Asiyatu ndinatumiza kudzera mwa amalume, koma Che Saidi ankangoyankha kuti, "Tiona." Mvula inagwa, chimanga chinacha, iwo akadaonabe.

Tsiku lina anandiitana pansi pa mtengo wa mango.

"Paunyamata wanga ndinawoloka malire kudzalembedwa usilikali wa Angerezi," iwo anatero. "Anatiphunzitsira ku Zomba, n'kutitumiza ku Burma. Ena sanabwerere. Ndikufuna ndikaone chipilala chawo maso akadaona. Iwe Zomba umaidziwa?"

"Ngati kumunda kwathu, bambo."

(Ndinali ndisanapitirirepo pa Liwonde.)

Ulendo wotere sukanatheka ndi buluku langa lonunkha usipa, ndiye ndinakabwereka la msuweni wanga, kalaliki wa ku boma, munthu woonda ngati bango. Ine ntchafu zinali za wopalasa njinga m'mapiri. Kuti litsekeke ndinachita kugona chagada pamphasa n'kubana mpweya. Koma linali lokongola, lakuda, mzere wake wakuthwa.

Tinatsika mapiri a Namwera pa lole, ine chiimirire chifukwa kukhala kunali kosatheka. Tinawoloka mlatho wa Shire, n'kukwera basi pa Mangochi. M'basimo ndinakhala chopendekeka ngati wodwala chithupsa. Che Saidi anavala mkanjo woyera ndi kofiya, ndipo thukuta linkangoti chuchuchu. Ndinkadabwa kuti bambo oonda chonchi atupa bwanji tsiku limodzi. Abiti Jafali anakhala kuwindo, akutafuna chinangwa chowotcha, osandiyang'ana, monga mwa ulemu wa apongozi.

Ku Zomba ndinawasocheretsa pang'ono (ndinawauza kuti msewu anausintha), mpaka chipilalacho chinadzionetsa chokha: chitalitali, cha njerwa zofiira, wotchi ili pamwamba, phiri lili kumbuyo kwake litafunda mitambo. Chapafupi pali kampu ya asilikali. Abiti Jafali ataona yunifolomu chapatali anakokera mpango kumaso. Kumene anachokera, munthu ukaona zovala zotero unkathawira kutchire.

Che Saidi anakwera masitepe pang'onopang'ono, naima chete, manja ali kumbuyo. Anakhalitsa choncho. Tsono ine ndi chete sitinagwirizanepo. Ndinaganiza kuti nthawi yosonyeza kuti ndine mkamwini wodziwa zinthu ndi imeneyi. Ndinakumbuka perete wa kusukulu, n'kuyamba kuguba kulunjika pachipilala, manja akuuluka. Pofika pamwamba ndinakweza bondo mpaka pachifuwa kuti ndiponde mwamphamvu n'kuchita sawacha.

Buluku linangoti ng'aa, kuchokera palamba kumbuyo mpaka kutsogolo. Mphepo ya ku Zomba ndinaidziwa nthawi yomweyo.

Kumbuyo kwanga kunali Abiti Jafali. Ndipo poti ndayamba kuulula, ndimalize: kabudula wanga wamkati anali wosokedwa ndi thumba la ufa wa chithandizo, lomwe Asiyatu anandibwereka kuti ndizinyamulira usipa. Zilembo zake zobiriwira zinkawerengeka bwinobwino.

Ndinauma, dzanja lili pachipumi, osadziwa kuti nditembenukire kuti. Kenako ndinamva mayiwo akuuza amuna awo motsitsa mawu, ngati akunena za nyengo: "Thumba tinkalifuna lija lapezeka."

Che Saidi sanaseke. Anandiyang'ana, nayang'ana kumsewu kumene anthu anali atayamba kuima, kenako anavula mkanjo wawo n'kundiponyera. Apa ndiye ndinadziwa chimene chinawatupitsa. M'kati anali atavala malaya ndi kabudula wa khaki, zofwifwa, zobooka njenjete, mendulo imodzi ili pachifuwa.

"Tsiku lomwe anatentha mudzi ndinatuluka ndi izi zokha," anatero osandiyang'ana. "Ndavala kuchokera kunyumba, koma mtima wovula mkanjo ndinalibe. Munthu wothawa nkhondo n'kumadzitcha msilikali, si kuseketsa ana kumeneko?"

Asilikali awiri achinyamata ankadutsa mumsewu. Ataona nkhalamba ya khaki pamasitepe anapatuka. Abiti Jafali anagwira mkono wa mkanjo umene ndinali nditangovala, kuiwala zoti ndine mkamwini. Anyamatawo anafika, naima njo, n'kuchitira sawacha Che Saidi.

Msana umene ndinkauona wopindika masiku onse unawongoka. Anabweza sawachayo mwakachetechete, opanda phokoso la mapazi, kenako anatembenukira kuchipilala n'kuyamba kutchula anzawo: Amidu, Wisiki, Mdala wa ku Makanjira amene ankaimba ngakhale mvula ya zipolopolo ikugwa. Anatchula mpaka mawu anawathera. Mmodzi wa asilikaliwo anafunsa kumene anamenyera nkhondo, ndipo anakhala nawo pamasitepe nthawi yaitali, akuwatchula kuti agogo. Abiti Jafali anandisiya, napukuta m'maso, n'kuwapatsa anyamatawo chinangwa chimene chinatsala.

Madzulo ake tinazungulira tauni, amene ankatsogolera ali Che Saidi. Anationetsa nyumba ya malamulo, munda wa maluwa m'mbali mwa mtsinje wozizira ngati madzi a mumtsuko, ndi mitengo italiitali imene ankati anaisiya ikadali yofika m'chiuno. Ine ndinkatsatira mumkanjo wolekeza m'maondo, kofiya ili kumutu (anandiveka okha, ati mkanjo wopanda kofiya ndi chovala chogonera).

Mumsika ndimo zinathera. Amalonda anayamba kundipatsa salamu mowerama, ena akuti shehe wafika. Bambo wina wogulitsa mbatata anandikokera pambali kuti ndimuunikire za kagawidwe ka chuma cha masiye. Ine ku madrasa ndinathawa ndisanamalize n'komwe zilembo. Ndinasisita chibwano chopanda ndevu n'kunena kuti, "Zimenezo n'zozama." Anagwedeza mutu mokhutira, nandininkha mbatata ziwiri. Che Saidi anali atatsamira mulu wa kabichi, mapewa akugwedezeka, mendulo ikuvina pachifuwa. Aka kanali koyamba kuwaona akuseka chibwerereni kwathu.

Pobwerera, basi itawoloka pa Liwonde, anandigunda ndi chigongono.

"Mwanangu, ukawauze amalume ako abwere. Wina akanathawa pamasitepe paja, osadzaonekanso. Iwe unaima, sawacha ili m'mwamba."

Sindinawauze kuti chinandiimitsa ndi kusowa kothawira.

Mtendere utabwera Che Saidi anabwerera kwawo ndi mayi, Asiyatu n'kutsala ndi ine. Tinkawayendera nthawi yokolola, mpaka chaka chimene tinakaika bambowo m'manda pafupi ndi mudzi umene anaumanganso. Nkhani ya bulukuyi sanauzepo munthu. Abiti Jafali ndiwo anauza mwana wawo tsiku lomwelo, asanatule n'komwe mtolo, ndipo pofika m'mawa Katuli yense ankandipatsa sawacha.

Phunziro ndinalitola ndithu: akuluakulu akakhala chete, nawenso tseka pakamwa, mapazi akhale pansi. Ndimawauza adzukulu anga kawirikawiri, makamaka iwo akakhala chete.